Mdima wa Ndiweyani ku Area 12

Uthenga unandipeza ndikuwaza madzi pa tomato wanga mumsika waukulu wa ku Old Town. Foni inalira pamfundo ya chitenje, ndipo ndinamva mawu a Tadala, mdzukulu wanga: "Agogo, anditenga! Ndikupita ku yunivesite ya kunja, ndikaphunzira za nyenyezi!" Ine beseni pansi, nthungululu m'mwamba. Ndinavina ine, ndinavina, ine wolekezera Sitandade 3, ndinavina mpaka tomato kugubuduzika m'ngalande. Koma nditafika kunyumba n'kukhala pansi, mawu oti nyenyezi aja anandibweza kutali, ndipo chimwemwe changa chinakumana ndi mantha akale.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Abambo anga ankasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ya a Mwale ku Area 12, ife tinkakhala m'kanyumba ka antchito kuseri. A Mwale ankagwira ntchito yoyeza malo ku Capital Hill. Anali munthu wofatsa, wamagalasi, wokonda kumwamba monga mlimi akondera dimba lake. Anali ndi chimpaipi choyera choima pa miyendo itatu, eni ake ankati telesikopu. Mwezi ukakhala kumdima, anzawo ankabwera madzulo kudzaona nyenyezi pakapinga: aphunzitsi, anamwino, makalaliki, ena ndi ana awo. Ifenso a kuseri sankatithamangitsa ayi.

Malamulo a pakapinga anandiphunzitsa ndi Mayi Mwale, ndipo ine ndinkawaimba ngati nyimbo posinja. Manja kumbuyo, maso kumwamba. Osathamanga, ungapunthwe pa mwendo wa chimpaipi. Nsapato kuphazi, m'kapinga mumayenda njoka. Masana osayerekeza kuyang'ana dzuwa ndi ichi, diso lingapse ngati dzira pachiwaya. Koma lamulo lalikulu linali la kuwala. Galimoto lizimitse nyali lisanalowe pageti. Magetsi a m'nyumba onse thii. Tochi iliyonse ivale kathumba kofiira, timatumba timene anasoka Che Saidi, telala wa ku Old Town. Mayi Mwale ankati, "Diso limachedwa kuzolowera mdima, mwanawe. Ukawalitsa tochi yoyera, walanda aliyense nyenyezi zake."

Choncho pakapinga paja pankakhala mdima wa ndiweyani. Ndinkawanena mawu amenewa osawaganizira. Sindinkadziwa kuti tsiku lina mdimawo udzafunsadi kuti ndiwe yani.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, zaka zoyamba wacheuka usanatsegule pakamwa. Khadi la chipani m'thumba, lilime m'kamwa. Kungotchula za imfa ya mkulu wa dziko, ngakhale mwanthabwala, munthu ankasowa ngati mame.

Chaka chimenecho, mvula ikukata, chimanga chili chachiwisi, kunatuluka nyenyezi ya mchira. Anthu anabwera ambiri kuposa kale, ena osadziwika n'komwe, obwera ndi anzawo a anzawo. Tinaima pamzere mumdima, kapinga akununkhira chifukwa abambo anali atamutchetcha masana. Ine ndinali kutsogolo kwa abambo. Ndinaika diso, ndinaona kamtambo koyera kokhala ndi tsache kumbuyo. Kenaka anawerama abambo. Iwo anali munthu wa kumudzi, wa ku Mitundu, mtima wawo unali pakamwa. Anadzidzimuka n'kunena mokweza:

"Mayo! Kwathu ikatuluka ya mchira chonchi, ndiye kuti mfumu yaikulu yatsala pang'ono kutisiya!"

Zii. Ngakhale nkhululu ndinkaona ngati zaleka kulira. Abambo anabwerera chafutambuyo kulowa pakati pa anthu.

Pomwepo tochi yoyera inayaka, ngwee! Inali m'manja mwa mwamuna wina wa jekete, mmodzi wa achilendo aja. Inayamba kuyenda pankhope za anthu. Isanafike patali, a Mwale anavula chipewa chawo n'kuivindikira.

"Achimwene, pano tochi yoyera sitiyatsa. Mwatipweteka maso tonse."

"Wayankhula uja ndani?" anafunsa wa jekete uja.

"Mumdima muno sitionana nkhope," anatero a Mwale, mawu ali phee. "Wotsatira abwere adzaone."

A Mwale ankawadziwa mawu a abambo anga monga ankadziwira geti lawo. M'mawa uliwonse ankapatsana moni. Ankadziwa, ndipo ine ndinkadziwa kuti akudziwa.

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osatsanzika. Ine ananditumiza kukagwira geti. Wa jekete uja anaima pafupi nane, nanditambasulira switi.

"Iwe mwana, unali pafupi ndi chimpaipi chija. Mawu aja anali a ndani?"

Switi ija sindikanatha kuilandira, pakuti manja anga anali atathawira okha kumbuyo. M'mutu mwanga munalibe china koma nyimbo yanga ija.

"Amayi anati manja kumbuyo, maso kumwamba," ndinatero. "Ine ndimayang'ana kumwamba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, anaponya switi pansi, anapita.

Sabata isanathe, a Mwale anapita ku ntchito m'mawa, madzulo osabwera. Mnzawo wa mu ofesi anafika monong'ona kuti kunabwera amuna pagalimoto, anawatenga ali pa desiki. Mlandu wake ati kusonkhanitsa anthu mumdima, magetsi atazimitsa, chinthu chonga mfuti chitaloza kumwamba, ndi kubisa munthu wolosera zoipa. Owatengawo ankafuna dzina limodzi lokha, dzina la abambo anga.

Abambo sanadye, sanagone. M'mawa wina anavala malaya awo a kutchalitchi, anakagwada pakhonde pa Mayi Mwale, ine ndikusuzumira paseri pa mpanda wa maluwa.

"Amayi, ndikukadzipereka. Pakamwa ndi panga, abwana alibe mlandu."

Mayi Mwale maso anali ofiira, koma mawu sanagwedezeke. "Mukapita, atsekera awiri. Ndipo adziwa kuti amuna anga amakudziwani koma anabisa. Iwo avindikira tochi, inu mukufuna mukaivundukule? Dzukani, kathirireni maluwa."

Abambo anadzuka, anakathirira maluwa, misozi ikugwera m'kheni yothirira.

Nyumba ija inali ya boma, ndiye posakhalitsa anaitenga. Mayi Mwale anapita ndi ana kwa achibale, ife tinasamukira ku Old Town, ndipo sukulu yanga, imene inali yodukizadukiza kale, inathera pomwepo. Chimpaipi chija abambo anachikulunga m'masaka, Che Saidi anachisunga pansi pa milu ya nsalu m'shopu mwawo, osafunsa funso. Galimoto lililonse likaima pafupi ndi nyumba yathu, amayi anga ankatigwira pakamwa. Ine ndinaleka kuyang'ana kumwamba. Ndinkayenda maso ali pansi ngati wotaya singano.

Mvula inabwera, inapita, inabweranso, inapitanso. Kenaka a Mwale anatuluka m'ndende. Anali ataonda ngati bango, magalasi atathyoka, maso osaona bwino. Abambo anakawaona, anagwa pamapazi awo, kulira ngati mwana. A Mwale anangowagwira pamutu n'kufunsa, "Telesikopu yanga mwaisunga posanyowa?" Za usiku uja sanazitchulenso mpaka tsiku la imfa yawo. Abambo nawo anapita kumanda ali munthu wosayankhulayankhula, iwo amene kale ankaseka mpaka agalu kuuwa.

Mwana wa a Mwale, Chikondi, anakula n'kukhala mphunzitsi. Ndiye amene anatenga chimpaipi chija, ndiye amene anamuphunzitsa Tadala wanga kuika diso. Tsiku limene Tadala anabwera kunyumba akuimba kuti manja kumbuyo, maso kumwamba, ine ndinalowa kuchipinda kukalira.

Ndili mwana ndinkayesa kuti lamulo la tochi lija n'loteteza nyenyezi. Lero ndikudziwa kuti n'loteteza mnzako waima pambali pakoyo. Mukaima pamodzi mumdima, maso ake ali m'manja mwako, nkhope yake ili m'manja mwako. A Mwale analisunga lamulo lawo mpaka m'chipinda chopanda zenera, kuti ine ndikule ndi bambo.

Ndiye Loweruka lapitali, pachikondwerero cha Tadala, ndinati yatsani magetsi onse, la pakhonde, la kukhitchini, ngakhale la kubafa! Ndinaima pakati pabwalo n'kutchula dzina limene mdima unalifunsa koma osalimva: Yohane Kamanga, wa ku Mitundu, wothirira maluwa, bambo anga ine. Palibe anacheuka, palibe anandigwira pakamwa.

Ndipo amene anabwera kudzakondwera nane ndiwatchula onse, mokweza, aliyense ndi nkhope yake: Mayi Mwale, ndodo m'manja, anabwera! Aphunzitsi a Chikondi ndi amuna awo a Gondwe anabwera! Asiyatu mwana wa Che Saidi, ndi ana ake Jafali ndi Mariamu! Mchemwali wanga Esinati, mlongo wanga Lazaro! Anzanga a tomato, Nabanda, Nangozo ndi make Pilirani! A Zulu a kwaya, a Mbewe a minibasi, Dalitso, Mphatso, Yamikani, ndi mwini tsiku, Tadala, Tadala wanga!