Nyumba ya Zidina Imene Abambo Sanamange

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pakamwa panga panali posagwira mawu, chaka chimene abambo anaganiza zomanga nyumba yatsopano. Tinkakhala kwawo kwa amayi, kufupi ndi Namitambo. Abambo anali mkamwini wochokera ku Mulanje, kalipentala wa mawu ochepa.

Nyumbayo anaijambula ndi pensulo kuseri kwa kalendala yakale, ndipo woyamba kuonetsedwa ndinali ine, popeza ndine ndinkapita kusukulu. Anati makoma adzakhala a zidina, njerwa zosaotcha, koma okhuthala kuti dzuwa lisamalowerere. Denga la udzu lidzatuluka kwambiri, khonde kuzungulira, mvula isamamenye makoma. Msana wa nyumba udzaloza kumene kumachokera mphepo ya chiperoni. Anafuna kuiika pakati pa mitengo itatu ya mango ndi mbawa imodzi yomwe inkatchinga dzuwa la madzulo. M'khitchini anajambulamo mbaula ya dothi yoti iziyaka ndi timitengo ta nandolo basi.

Ine zonsezi zinandinyansa. Anzanga awiri m'kalasi ankagona m'nyumba za malata, ndipo ndinali nditawauza kale kuti yathu idzaposa zawo. Ndiye ndikawauzenso chiyani, zidina ndi udzu?

Tsiku lomwelo ndinathamangira kwa atsibweni, alongo awo a amayi, omwe anali eni mbumba. Iwo anali atangobwera kuchokera ku Joni ndi wayilesi komanso jekete lachikopa limene ankalivala ngakhale kutenthe bwanji. Ndinawafotokozera zonse, n'kuthirapo ndemanga zanga, kuti abambo akufuna kutigoneka m'khola.

M'mawa mwake atsibweni anafika abambo akukhoma zikhomo pamalopo. Sanakhale n'pansi pomwe.

"Alamu, pano mpathu. Mlongo wanga sangagone m'zidina ngati alibe abale. Malata ndipereka ine, inu muotche njerwa."

Abambo anayesa kufotokoza za kutentha, ndiponso kuti uvuni wa njerwa umadya nkhuni zambiri zomwe kwathuko zinali zitayamba kale kusowa. Atsibweni analoza mitengo ija n'kunena kuti nkhuni si izi, anaibzala ndi amayi awo, ndipo palibe wobwera angawaletse kuidula. Amayi anangoyang'ana pansi. Kukana mphatso ya mlongo wawo pamaso pa anthu sakanatha.

"Ndamva, alamu," anatero abambo, n'kuyamba kuzula zikhomo zawo.

Mitengoyo anadula okha abambo, chifukwa ntchito zolemetsa pamudzi zinali za mkamwini. Ndimakumbukirabe fungo la utomoni wa mango ndi utsi wa uvuni umene unafuka masiku atatu. Ine ndinkatunga madzi oumbira njerwa ndikuimba. Nyumba inatha, yofiira, khomo litaloza kumsewu monga anafunira atsibweni, kuti odutsa aziona. Anzanga ndinabwera nawo kudzaona malata akunyezimira.

Chisangalalo changa sichinafike patali. Mwezi wa Juni chiperoni chinkalowa pakhomo mpaka kuchipinda, ndipo m'mamawa malata ankadontha madzi ozizira pamabulangete. Mu Okutobala masana munthu sukanakhalamo, ndipo panja panalibenso pothawira. Tinkadyera kuseri kwa nkhokwe, kusuntha mphasa kutsatira kamthunzi kake. Mvula ikamagwa sitinkamvana. Mbaula ija sinamangidwe, chifukwa abambo analibenso mtima wojambula kanthu, choncho tinkaphika pamafuwa, ndipo nkhuni zake ankasenza ndani? Ine ndemwe. Kale ndinkangotola nthambi zouma pakhomo, tsopano ndinkadzukira kuphiri Loweruka lililonse, kubwerako khosi litauma. Mango tinayamba kupempha kwa anthu.

Tsiku lina ndinatula mtolo wa nkhuni dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kulalata kuti pakhomo panji popanda ndi pokhala pomwe. Abambo ankapala thabwa. Sanadzutse mutu.

"Mthunzi unalipo, mwana wanga. Tinaotchera njerwa."

Mpaka kumwalira kwawo sanandifunsepo kuti anakauza atsibweni ndani. Ankadziwa. Ndikanakonda akanandikalipira, mwina zikanandichoka.

Madzi akatayika saoleka. Amayi anabzala mango ena, koma pamene ankayamba kupereka mthunzi n'kuti ine nditakwatiwa, abambo atapita. Masiku ano ndimamva anthu ophunzira akuyamikira nyumba zozizira zokha, zosadya nkhuni, ndipo m'malo mosangalala ndimapsa mtima. Sindikwiyira atsibweni, iwo ankateteza ulemu wa mlongo wawo m'njira imene ankaidziwa. Ndimadzikwiyira ndekha. Pamudzi ponse paja munthu mmodzi yekha ndiye anakhala pansi n'kuganiza za dzuwa, mphepo ndi mutu wa mwana wosenza nkhuni. Analibe mawu pamudzipo, anali ndi ine ndekha woti ndimumvere, ndipo ine ndinakamunenera.