Achimwene Yotamu, munkanena za maelekitironi

Lero pa wailesi amakamba za makompyuta atsopano a kwantamu, amene akuti adzatha kulosera zochita za maelekitironi, ndipo ndakumbuka inu, achimwene Yotamu. Munabwera kwathu ku Manyamula pa tchuthi, kuchokera ku yunivesite yakunja kumene munkafufuza za maelekitironi. Tikutong'ola chimanga pakhonde, ndinakufunsani kuti ntchito yanuyo ndi yotani. Munatola njere imodzi n'kunena kuti, "Ndi tinthu tating'ono chomene, mlongo wanga. Kamodzi pakokha n'kosavuta kukadziwa. Koma tikachuluka timakokana, mbwenu palibe amene angalosere zomwe tichite, ngakhale kompyuta."

Bambo wina wa chipani, amene anabwera kudzagulitsa makadi, anaima pafupi. Iye anamva ngati mukunena za ife anthu. Sabata isanathe kunabwera galimoto ya apolisi kudzakutengani. Munakwera opanda jekete, mukuuza amama kuti, "Musalire, ndikawafotokozera ndipo amvetsa." Tinakafunsa ku Mzimba Boma, anatiyankha kuti dzina lanu sakulidziwa ndipo tisabwerenso. Amama anamwalira akuthamangirabe kumsewu akamva galimoto. Tinawaika pafupi ndi adada, ndipo pambali pawo tinasiya malo anu. Ndimalambulapo chaka chilichonse, koma mulibe munthu.