Mwanapiye wa m'thumba la agogo

Ndikakumbukira agogo a Namakhwa, bambo awo a amayi, ndimamva fungo la mkungudza, chifukwa anakalambira ku Chambe akucheka matabwa, ndipo fungolo linakana kuchoka m'jekete lawo ngakhale amayi alichape bwanji.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kadontho kakuda ka m'diso lawo lakumanzere kanapezeka kuti ndi khansa. Madokotala anachotsa disolo, koma matenda anali atalowerera kale mumnofu wozungulira, choncho anawatumiza ku Zambia kuti akawotche zotsalazo ndi makina, poti kuno kunalibe. Anabwerako patatha miyezi iwiri, tsaya litada ngati mphika, nsidze itathothoka, koma akuseka.

Anapeza amayi ali ndi khanda, ndipo anatambasula manja asanakhale n'komwe pansi. Amayi anabwerera m'mbuyo. Kumsika wa Limbuli anali atamva kuti munthu wowotchedwa ndi makina amatsala ndi moto m'thupi, khanda likamukhudza limafota.

"Ababa, dikirani kaye motowo uzirale," anatero amayi atazolika.

"Adokotala anati makina akazima, zathera pomwepo. Ine si mbaula, mwananga."

Amayi sanasunthe. Ndinaona diso lotsala lija likulengeza misozi, ndipo zinandiwawa.

M'mawa mwake agogo anatola mwanapiye n'kumuika m'thumba la jekete, pamtima penipeni. "Akapsa, ndiwo tapeza," anatero. Ankamudyetsa madeya pachikhatho, kupita naye kumunda, kutchalitchi komwe, kumene mwanapiyeyo analira ulaliki uli mkati, ife ana n'kufa nako kuseka. Dzuwa likapendeka ankamutulutsa n'kumuimika pamaso pa amayi.

Patatha masabata awiri mwanapiye uja anali atanenepa kuposa anzake onse, jekete lili zitosi zokhazokha. Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Vulani kaye chijeketecho, musambe m'manja," anatero.

Agogo anasamba kawiri. Atalandira mwanayo, anamusendezera kumbali ya diso labwino, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Makina aja ndinkapirira chifukwa cha iwe," anamuuza.

Agogo anakhala nafe zaka zina zinayi, ndipo nkhuku ija palibe anaiyandikira ndi mpeni.

Chaka chatha amayi nawonso anakawotchedwa ndi makina chifukwa cha khansa ya m'bere. Tsiku lobwera anaima pakhomo panga manja ali kumbuyo, akuyang'ana mwana wanga wa miyezi iwiri ndi mantha akale aja. Ndinawapatsa mwanayo asanakhale pansi.