Ndinalemba Dzina la Mmisiri ndi Choko Chofiira

Inu owerenga, ndinathamangitsa munthu wabwino pantchito popanda kumulembera kalata, ndipo mpaka lero mtima umandipweteka.

Ndinali manejala pamalo ena okhomera madesiki a sukulu ku Domasi, ndikuyang'anira akalipentala asanu ndi atatu. Wamkulu pa onse anali a Makwinja a ku Malemia, amene anayamba kugwira sowo ine ndisanabadwe.

Nditangokwezedwa, udindo unandizunguza mutu. Ndinakhoma bolodi pakhomo, n'kumalembapo Lachisanu lililonse madesiki amene aliyense wamaliza. Wochepetsa ndinkamulemba pansi penipeni ndi choko chofiira. Mayi Chikopa, oyang'anira za ogwira ntchito kulikulu lathu ku Zomba, ataliona anandiitanira pambali. Anandilangiza kuti ndiyambe ndacheza ndi aliyense payekha, ndionetsetse mmene ntchito imayendera, ndipo anati iwo andithandiza. Ndinawathokoza ndi pakamwa pokha, mumtima ndikuti anthu a mu ofesi adziwa chiyani za utuchi.

Milungu inayi yotsatizana dzina la a Makwinja linali pansi, ndipo aliyense wodutsa ankaliwerenga. Tsiku lina ndinawafunsa pamaso pa anzawo ngati amabwera kudzagwira ntchito kapena kudzaothera dzuwa. Anapukuta zida zawo, n'kuziika m'thumba, ulendo wa kwawo osabweranso.

Pasanathe mwezi, masukulu anayamba kutibwezera madesiki, ena ogwedera, ena opindika. M'pamene akalipentala enawo anandiuza zoona. A Makwinja ndiwo ankanolera aliyense sowo m'mawa, kusankha matabwa ouma, ndi kukonza mwakachetechete zimene ena alakwitsa. Ankamaliza ochepa chifukwa manja awo anali pa desiki la aliyense. Bolodi langa linali litaphunzitsanso otsalawo kuti kuthandiza mnzako n'kudzigwetsa, moti ankabisirana ngakhale misomali.

Ndinapita kwa mayi Chikopa manyazi atandigwira. Sanandinyoze. Anandiperekeza ku Malemia kukapepesa. A Makwinja anatilandira bwino, koma zobwerera anakana.

"Bwana, ndakukhululukirani," anatero. "Koma adzukulu anga anamva kale kuti agogo awo ndi aulesi. Zimenezo simungazifufute ndi kansanza."

Anamwalira chaka chathachi. Akalipentala aja anawakhomera bokosi onse pamodzi, wina akupala, wina akugwirira mnzake, osadikira kuti ine ndilamule. Chichokereni mkuluyo, sindinaoneponso ntchito yosalala ngati imeneyo. Kumaliroko ndinakhala kumbuyo kwenikweni, misozi ikungotsika.

Inu amene mwapatsidwa anthu oti muwayang'anire, safunsa anadya phula. Anzanu oona za ogwira ntchito akakulangizani, musawayese odzakulandani mpando. Musanatche munthu waulesi, khalani naye tsiku lathunthu muone kumene manja ake amathera. Ine ndinaona mochedwa, ndipo woti ndimubwezere ulemu wake palibenso.