Msewu wa ku Sekondale

Fungo la tiyi wodulira kumene ndi limene limandikumbutsa chaka chimenecho. M'miyezi yozizira masamba akachepa, amuna a pa esiteti ankadulira tiyi ndi zikwanje zokhota, minda yonse n'kusanduka ziputu zotuwa zonunkha utomoni. Chiperoni chinkatsika m'mapiri m'mawa n'kuphimba nyumba zathu za m'malayini a antchito, moti mnzako umayamba wamumva kutsokomola usanamuone. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinali nditalemba mayeso a Sitandade 8, ndipo chimene chinatsala kunali kudikira basi.

Kudikirako kunatidwalitsa tonse. Ababa ankagwira ntchito youmitsa tiyi ku fakitale, ndipo akaweruka ankafikira kutsegula wailesi asanavule n'komwe jombo. Amayi ankathyola tiyi, koma nyengo imeneyo ankaweruka msanga n'kukhala pakhonde, kumasenda nandolo. Ndikamatunga madzi pampopi ndinkabwereza mafunso a masamu mumtima mpaka ndowa kusefukira.

Tinkakhalanso ndi mkulu wanga, achemwali Agnesi. Iwo anasankhidwapo kupita ku sekondale yoyendera ya kuseri kwa phiri. Chifukwa cha kutalika, anawapezera kachipinda kalendi pafupi ndi sukuluyo, komwe ankadziphikira okha ndi anzawo. Ali Fomu 2 anabwerako ndi pakati. Chaka chimene ndikunenachi ankathyola tiyi pafupi ndi amayi, dengu kumsana, mwana atamusiya pamthunzi. Nkhani imeneyi m'nyumba mwathu sinkatchulidwa.

Zotsatira zitatuluka ndinathamangira kusukulu osasamba. Mapepala anawamata pakhoma la ofesi ya ahedi, ndipo ana anaunjikana pamenepo, ena akulira kale. Ndinatsetsereza chala pamndandanda mpaka ndinalipeza: Elube, wakhoza, wasankhidwa. Koma sukulu yake inali yomweyo, ya kuseri kwa phiri.

Ababa atamva anandinyamula m'mwamba ngati khanda, n'kukauza malayini onse. Amayi anangoti, "Wachita bwino," n'kupitiriza kupeta. Madzulo ake tikudya anatula zimene zinali kumtima kwawo.

"Abwerezenso Sitandade 8. Chaka chamawa apeza sukulu yogonera konko."

Ababa anaika mbale pansi. "Amake Agnesi, mwana wakhoza. Mukufuna akakhalenso pansi ndi tiana? Nanga chaka chamawacho akapanda kusankhidwa n'komwe? Mudzamupatsa dengu?"

"Bola dengu kusiyana ndi kachipinda kaja," anatero amayi.

Achemwali anadzuka mwakachetechete n'kutuluka ndi mwana wawo. Ine misozi inagwera m'ndiwo.

Mlungu wonse nyumba inazizira kuposa kunja. Makolo anga akafuna kukangana ankatembenukira ku Chilomwe, poganiza kuti sitimva zonse, koma dzina langa ndinkalimva likubwera pafupipafupi. Ababa anakafunsa nzeru kwa ahedi, amene anawauza kuti obwereza ambiri amafooka. Amayi anakafunsa kwa amayi anzawo a kutchalitchi, ndipo aliyense anali ndi nkhani ya mtsikana wakutiwakuti. Tsiku lotsegulira sukulu linkayandikira. Anzanga anali atayamba kukayezetsa yunifolomu kwa telala, ine osadziwa ngati ndidzavale ya sekondale kapena yakale ija yong'ambika m'khwapa.

Lamulungu lotsatira amayi sanapite kutchalitchi. Anamanga chitenje, kuvala nsapato zawo zapulasitiki n'kuuyamba msewu wa kuseri kwa phiri okha, osauza munthu chifukwa chake. Anabwerako dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, fumbi lofiira mpaka m'maondo. Ndinawatenthetsera madzi, ndipo akuviika mapaziwo anafotokozera ababa msewu wonse: podutsa m'minda ya tiyi, pamlatho wamatabwa, m'nkhalango ya bulugamu momwe simuoneka nyumba ngakhale imodzi, ndi pamsika pomwe anyamata a njinga zamoto amakhala. Anati ndi ulendo wa maola awiri.

"Apita," anatero pomaliza. "Koma azigona muno. Ndipo m'bulugamumo sadutsamo yekha."

Ndi mmene zinakhalira. M'mawa uliwonse kusanayere bwinobwino tinkanyamuka awiri, ine ndi chikwama cha mabuku, amayi ndi dengu lawo kumsana. Mame ankanyowetsa masokosi anga. Tikatuluka m'nkhalango muja, iwo ankakhotera kumunda wina wa pamtsetse kukayamba ntchito, ine n'kupitirira ndi ana a m'midzi ya kumeneko. Pobwerera ndinkawapeza atakhala pamwala, akundidikira, masamba atakayezetsa kale.

Ndinkachita manyazi kwambiri. Anzanga ankandiseka kuti ndine mwana wa mkaka woperekezedwa. Nthawi zina ndinkayenda mofulumira dala kuti amayi atsalire m'mbuyo, ndipo ndinkamva akupuma movutikira pachitunda koma osacheuka. Mumtima ndinkati sandikhulupirira, akuona ngati ndidzachita zimene anachita achemwali.

Tinayenda choncho zaka zinayi. Ndinamaliza Fomu 4, kenako ndinaphunzira uphunzitsi.

Ndinali kale pantchito pamene achemwali anandiuza zimene sindinkadziwa. Amayi sankagwira kumunda wa pamtsetse uja kuyambira kale. Anachita kukapempha kwa akapitawo kuti awasamutsireko, kusiya munda wa pafupi ndi nyumba, wosalala, womwe anathyolamo zaka zambiri. Kumtsetseko anthu ankakukana chifukwa mvula ikagwa kunkaterera, ndipo dengu lodzaza linkakoka munthu chagada. Akapitawo anawafunsa kawiri ngati aganiza bwino. Mawondo amene amawavuta amayi lerowa anayambira kumeneko.

Ndinawafunsa amayi tsiku lina chifukwa chake sanandiuze. Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Ukanandiletsa."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi akulondera ine. Lero ndikudziwa kuti ine sanandikayikepo. Anali atatumizapo kale mwana mmodzi yekhayekha pamsewu umenewo, ndipo mlanduwo sanaupereke kwa achemwali. Anadzipatsa okha.