Pasaka Inawapeza a Tepi Asanasoke Manja

Telala wa pakona uja timamutcha a Tepi, chifukwa tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo ngakhale pamaliro. Asoka zaka makumi atatu m'kachipinda koti ukayetsemula nsalu zimagwa pashelefu. Kalendala sagula. Amati masiku a Mulungu sasuntha, ndiye amangolemba ndi choko kuseri kwa chitseko: Khirisimasi 25 Disembala, Pasaka 20 Epulo, poti chaka chatha inagwa pamenepo. Kutchalitchi amapita, inde, koma nthawi ya zolengeza iwo amakhala akuyeza mapewa a anthu ndi maso.

Chaka chino mlamu wawo, mayi wotsogolera kwaya, anawamenyera nkhondo kukomiti kuti asoke mikanjo 24 ya Pasaka. "Alamu anga sagwiritsa mwala," anatero, atelala ena akumeza malovu.

Lachinayi lina mayiyo anatulukira ndi chikwama chachikulu.

"Alamu, ndadzatenga mikanjo. Lamlungu ndi Pasaka."

A Tepi anaseka mpaka pini inagwa pakamwa. "Lamlungu liti? Kwatsala masabata awiri. Onani chitsekocho."

"Chitseko chanu ndiye abusa? Pasaka ndi pa 5."

"Waisuntha ndani?"

"Mwezi."

"Mwezi wakumwambawu?"

Mayiyo, mano ali gwa, anawafotokozera kuti akuluakulu a mpingo kalekale anagwirizana zoti Pasaka izikhala Lamlungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. Ndiye imayenda, chaka china Malichi, china Epulo.

Abale, a Tepi anakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando.

"Zaka zonsezi tikupemphera moyang'ana mwezi? Nanga Khirisimasi?"

"Imeneyo siyenda, koma 25 Disembala m'Baibulo mulibe. Anachita kusankha anthu."

"Mayo ine!"

"Lirani mukupalasa makina, alamu."

Anapalasa mpaka miyendo kutupa, koma yotha inali mikanjo isanu ndi inayi yokha. Yotsalayo manja anangolumikiza ndi mapini. Lamlungu ovala yotha anaima kutsogolo, a mapini kumbuyo, atalangizidwa kuti asakweze manja zivute zitani. Koma nyimbo ya kuuka itafika pokoma, ndani akanakumbukira? Manja a mikanjo anayoyoka ngati masamba, bambo wina wa besi, pini itamubaya, n'kukuwa mawu amene sanali m'nyimbo.

Lolemba komiti inapereka nsalu za Pentekosite kwa telala wina. Mlamu uja anabwera yekha kudzanena, ataima panja.

A Tepi anangofunsa motsitsa mawu, "Imeneyonso imayenda?"