Timphete Titatu Tomwe Tinatsala

Inu owerenga, galimoto ya malemu amuna anga ndinaipha ndine, ngakhale sindinagwirepo chiwongolero chibadwire.

Bambo a Tiyamike anali ndi pikapu yakale yomwe inkatidyetsa. Inkanyamula mabelo a fodya a anthu kwathu ku Wimbe, ndipo nyengo ya makuponi ikafika inkatuta feteleza. Chaka china inayamba kulira kumbuyo. Iwo anamasula difu, chimphika chachitsulo chija chimene chimazunguza mateyala akumbuyo, n'kuyala zam'kati mwake pachiguduli m'chipinda. Panali mabering'i, komanso timphete topyapyala ngati lezala tomwe ankati mashimu. Anatiyala m'mizere, takumanja patokha, takumanzere patokha, n'kundiuza kuti, "Mayi a Tiyamike, apa musasesepo."

Asanamange, anadwala masiku anayi n'kutisiya.

Pamaliro azimayi anasowa pogona. Ine, mutu utazunguzika, ndinakokolola zitsulo zonse zija n'kuthira m'ndowa imodzi. Sindinaganizenso za mizere ija.

Makuponi atatuluka, anthu anayamba kufunsa ngati galimoto iyende. Ndinaitana alamu anga, mng'ono wa malemu, amene amakonza njinga zamoto. Atasuzumira m'ndowamo anagwira kukamwa. Anati timpheteto ndi tomwe timachititsa kuti bering'i isathine kapena kukhwepa, ndipo poti ndasokoneza, pafunika kuyesa, kumasula, kuyesanso. Anatinso labala yotseka kuti oyilo asatayike yang'ambika, ina tikagule ku Boma. Anapempha sabata imodzi.

Ndinakana. Ndinkaopa kuti feteleza atha kudepoti, anthu atembenukira kwa eni ngolo, ana anga adya chiyani? "Alamu, izi sizongolowetsa ngati mphete yaukwati," anatero. Ndinangoti mangani. Labala ija anaimata ndi chidutswa cha chubu ndi girizi. Atamaliza, timphete titatu tinatsala. Ndinati tinthu tochepa chonchi sitingaletse galimoto kuyenda, n'kutimanga pansonga ya chitenje.

Popita kudepoti zonse zinali bwino, alamu akuyendetsa. Pobwera, titasenza matumba a anansi, kulira kuja kunayambanso, kenako fungo la oyilo wopserera. Titafika padambo lina mateyala akumbuyo anangouma. Ndinatsika n'kuona mzere wakuda wa oyilo mumsewu monse tadzera. Tili pomwepo mvula inagwa, tilibe chofunditsa. Matumba ena ananyowa mpaka feteleza kusungunuka.

Anthu a m'mudzi sanandikalipire. Anabwera ndi njinga, aliyense kutenga thumba lake. Mayi wina, wamasiye ngati ine, anangoliyang'ana lake likudontha. Chimanga chake chaka chimenecho chinali chachikasu, ndipo ndinkazungulira njira kuti ndisadutse pamunda pake.

Makaniko wa ku Boma atatsegula difu anapeza mano onse a magiya a m'katimo atatafunana. Anafunsa ngati panatsala kanthu pomanga. Ndinamasula nsonga ya chitenje ija. Anatiyang'ana timphete tija, n'kundibwezera.

Lero galimotoyo ili kuseri kwa chigafa, nkhuku zimaikiramo mazira. Ndimalima ganyu, ndipo ndatopa.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga oferedwa, chimene mwamuna anasiya atayala musachisonkhanitse musanaitane wodziwa, ngakhale nyumba idzaze anthu. Wokonza akapempha sabata, m'patseni. Pomanga pakatsala kachitsulo, ngakhale kopyapyala bwanji, musalole kuti galimoto ilizidwe. Tanga titatu tija tidakali m'chikwama changa, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti takumanja ndi titi.